Kugawa Nambala mu Pulogalamu: Kupeza Magawo Athunthu ndi Chotsala

Achemwali anga amaweta nkhuku zoikira. Madzulo aliwonse akatolera mazira amafuna kudziwa zinthu ziwiri: mathireyi odzaza ndi angati, nanga mazira otsala m'beseni ndi angati. Tsiku lina anatolera mazira 200, ine n'kutulutsa foni kuti ndiwathandize kuwerengera. Thireyi limodzi limalowa mazira 30, choncho ndinadina 200, kugawa, 30. Foni inalemba 6.6666667. Iwo anasuzumira pasikirini nati, "Achimwene, nambala imeneyi sindingapite nayo kumsika. Ndiuzeni mathireyi, ndiuzeninso mazira." Yankho lomwe ankafuna linali mathireyi 6 ndi mazira 20.

Kugawa kotereku n'komwe tinayamba nako kupulayimale tisanaphunzire nambala za kadontho. Mumagawa nambala yathunthu ndi inzake yathunthu, mayankho n'kutuluka awiri. Loyamba ndi chiwerengero cha magawo athunthu, limene olemba mapulogalamu amalitcha quotient. Lachiwiri ndi chotsala, chomwe amachitcha remainder. Vuto lomwe ndimaliona kawirikawiri kwa amene akuyamba kumene kulemba mapulogalamu ndi lakuti amatenga yankho limodzi n'kutaya linalo, kapena amapeza magawo ndi njira ina, chotsala n'kuchipeza ndi njira inanso yosagwirizana ndi yoyambayo. Zikatero ndalama zimasowa m'buku popanda amene waba, ndipo anthu amatsala pasiteji galimoto zitanyamuka. Mayankho awiriwa ndi apachibale. Muziwapeza limodzi, muziwayesanso limodzi.

Yambani ndi pensulo

Musanayatse kompyuta, lembani lamulo ili papepala:

yogawidwa = yogawira × magawo + chotsala

Pa mazira aja zikhala 200 = 30 × 6 + 20. Mukachulukitsa n'kuphatikiza chotsalacho, muyenera kubwerera pa nambala yomwe munayambira. Chinthu chachiwiri choti muone n'chakuti chotsala chizichepera nambala yogawira. Mukapeza kuti atsala mazira 35, ndiye kuti pali thireyi lina lomwe simunadzaze. Zilankhulo za kompyuta zimasiyana pa zambiri, koma mukagwiritsa ntchito zida zogawira zomwe zimayendera limodzi, lamulo ili limakwanira nthawi zonse. Likalephera, dziwani kuti mwasakaniza zida.

Zizindikiro ziwiri za Python

Ndiyamba ndi Python, chimodzi mwa zilankhulo zolembera mapulogalamu, chifukwa ndi yaulere, ndipo mukhoza kuyesa mzere umodziumodzi n'kuona yankho pompopompo. Itseguleni, mulembe izi, ndipo pa mzere uliwonse mudine Enter:

```
>>> 200 // 30
6
>>> 200 % 30
20
>>> divmod(200, 30)
(6, 20)
```

Timizere tiwiri topendekeka timapereka magawo athunthu. Chizindikiro cha % chimapereka chotsala. Musasokonezeke nacho: kusukulu ndi kubanki chimatanthauza peresenti, koma muno sichikukhudzana ndi peresenti ngakhale pang'ono. Ambiri amachitchula kuti mod. Chachitatucho, divmod, chimatulutsa mayankho onse awiri nthawi imodzi, ndipo ndi chomwe ine ndimakonda, chifukwa simungaiwale limodzi mwa mayankhowo.

Tsopano tsegulani fayilo yatsopano, muitche mazira.py, mulembemo izi:

```
mazira = int(input("Mazira onse: "))
pa_thireyi = 30
mathireyi, otsala = divmod(mazira, pa_thireyi)
print("Mathireyi odzaza:", mathireyi)
print("Mazira otsala:", otsala)
```

Mayina ngati mazira ndi otsala mukhoza kuwalemba m'Chichewa, Python sikana. Mawu oti int pa mzere woyambawo musawachotse. Chilichonse chomwe munthu walemba pa kiyibodi chimalowa ngati mawu, osati nambala, ndipo mukayesa kugawa mawu pulogalamu imaima n'kulemba TypeError.

Nanga kamzere kamodzi kopendekeka? Mu Python 3, kulemba 200 / 30 kumapereka 6.666666666666667, ndipo ngakhale 6 / 2 imapereka 3.0, ya kadontho. Kale sizinali choncho. Mu Python 2, kamzere kamodzi pakati pa nambala ziwiri zathunthu kankapereka magawo athunthu, moti 200 / 30 inkatuluka 6. Anasintha mu Python 3.0 yomwe inatuluka mu December 2008, ndipo Python 2 anasiya kuisamalira kuyambira January 2020. Ndikunena izi chifukwa pa intaneti padakali mabuku ndi zitsanzo zakale zambiri. Mukakopera chitsanzo, yankho n'kutuluka ndi kadontho pomwe bukulo likuonetsa nambala yathunthu, musaganize kuti kompyuta yanu yawonongeka. Onjezerani kamzere kachiwiri.

Tsekani khomo la ziro

Kugawa ndi ziro sikutheka, kaya mukufuna magawo kaya chotsala. Python imaima n'kulemba ZeroDivisionError. Ngati nambala yogawira ichokera kwa munthu wogwiritsa ntchito pulogalamu, iyeseni kaye:

```
if pa_thireyi <= 0:
    print("Lembani nambala yoposa ziro")
else:
    mathireyi, otsala = divmod(mazira, pa_thireyi)
```

Munthu amatha kudina 0 mosadziwa, kapena bokosi lopanda kanthu n'kuwerengedwa ngati ziro. Mizere iwiriyo imakupulumutsani.

Chotsala chimagawidwanso

Pano m'pamene ntchitoyi imakoma. Chotsala cha kugawa koyamba chimakhala chogawidwa pa kugawa kwachiwiri. Tiyerekeze kuti pulogalamu yanu yawerenga kuti magetsi anazima kwa masekondi 10000. Palibe amene amaganiza nthawi m'masekondi ochuluka chonchi. Ola limodzi lili ndi masekondi 3600, mphindi ili ndi 60:

```
maola, otsala = divmod(10000, 3600)
mphindi, masekondi = divmod(otsala, 60)
print(maola, mphindi, masekondi)
```

Kugawa koyamba kumapereka maola 2, kutsala masekondi 2800. Kwachiwiri kumapereka mphindi 46, kutsala masekondi 40. Yambani ndi muyeso waukulu, muzitsika.

Njira yomweyi imawerenga ndalama zamapepala. Wogulitsa m'golosale akufuna kubweza K18,750 ndi mapepala ochepa monga angathere:

```
ndalama = 18750
for pepala in [5000, 2000, 1000, 500, 200, 100, 50, 20]:
    angati, ndalama = divmod(ndalama, pepala)
    if angati > 0:
        print(pepala, "x", angati)
print("Zatsala:", ndalama)
```

Onetsetsani mzere wachitatu. Dzina loti ndalama lili mbali zonse ziwiri: limalowa ndi ndalama zomwe zilipo, n'kutuluka litanyamula chotsala, chomwe chimadikira pepala lotsatira. Pulogalamuyi ipereka ma K5,000 atatu, K2,000 imodzi, K1,000 imodzi, K500 imodzi, K200 imodzi ndi K50 imodzi, osatsala kanthu. Koma yesani K60. Ikupatsani K50 imodzi n'kunena kuti kwatsala K10, pomwe mwana aliyense wotumidwa kukagula mchere akudziwa kuti ma K20 atatu akwanira. Kugawa sikunalakwe ayi. Njira yoyambira pa pepala lalikulu ndi yomwe ili ndi malire ake, ndipo n'chifukwa chake mzere womaliza uja, wosonyeza zomwe zatsala, suyenera kuchotsedwa.

Chotsala chikakhala ziro ndiye kuti nambalayo yagawika ndendende, ndipo mafunso ambiri amayankhidwa ndi mfundo yokhayi. Nambala n ndi yogawika pawiri ngati n % 2 == 0. Chaka chomwe February amakhala ndi masiku 29 chimapezekanso chonchi, potsatira kalendala yomwe Papa Gregory XIII anakhazikitsa mu 1582:

```
chachitali = chaka % 4 == 0 and (chaka % 100 != 0 or chaka % 400 == 0)
```

Chaka cha 2024 chinali chotero, 2000 chimodzimodzi, koma 1900 ayi, ndipo 2100 sichidzakhala.

Pamene otsala afunika malo awoawo

Funso lina silifuna magawo odzaza okha. Achemwali anga akafuna kudziwa mathireyi oti agule, yankho si 6 koma 7, chifukwa mazira 20 aja sangayende m'manja. Ndinaphunzira izi movutikira pokonzekera ulendo wa ukwati wa m'bale wathu. Tinali anthu 47, ndipo minibasi iliyonse tinagwirizana kuti itenge anthu 15. Ndinagawa, n'kupeza 3, n'kuuza komiti kuti tilankhule ndi madalaivala atatu. Chotsala sindinachiyang'ane. M'mawa wa tsikulo, anthu awiri achikulire anaima pambali pa msewu atavala bwino, malo palibe. Tinathamanga kusaka galimoto ina, koma nkhope zawo ndimazikumbukirabe.

Njira yomveka bwino ndi iyi:

```
minibasi, otsala = divmod(47, 15)
if otsala > 0:
    minibasi = minibasi + 1
```

M'mapulogalamu a anthu ena mudzaona njira yachidule yolembedwa chonchi:

```
minibasi = (47 + 15 - 1) // 15
```

Imapereka 4 yomweyo. Kuphatikiza 14 kumakankhira chotsala chilichonse, ngakhale munthu mmodzi, kuti chidzaze gawo lina, koma anthu akakhala 45 ndendende yankho limakhalabe 3. Zonse n'zolondola pa nambala zoposa ziro. Ine ndimasankha yoyambayo, chifukwa amene adzawerenge pulogalamu yanga chaka chamawa adzaona yekha chomwe ndinkaganiza.

Nambala za pansi pa ziro: apa khalani pansi

Zonse tanenazi zimatuluka chimodzimodzi m'zilankhulo zonse malinga ngati nambala zili zoposa ziro. Mainasi ikangolowapo, zilankhulo zimagawikana misasa iwiri.

Tiyeni titenge masiku a sabata. Kompyuta imawerenga mndandanda kuyambira pa 0, choncho Lolemba ndi 0, Lachiwiri ndi 1, Lachitatu ndi 2, mpaka Lamulungu pa 6. Kwa ife olankhula Chichewa izi zimapunthwitsa, poti dzina la tsiku limanena kale nambala yake: Lachiwiri likumveka 2, koma mu mndandanda lili pa 1. Zolowerani kuchotsera imodzi.

```
masiku = ["Lolemba", "Lachiwiri", "Lachitatu", "Lachinayi",
          "Lachisanu", "Loweruka", "Lamulungu"]
lero = 1
print(masiku[(lero + 10) % 7])
print(masiku[(lero - 10) % 7])
```

Lero likakhala Lachiwiri, pakapita masiku 10 lidzakhala Lachisanu, chifukwa 11 % 7 ndi 4. Nanga masiku 10 apitawo? Apa tikugawa -9 ndi 7. Python imati magawo ndi -2, chotsala ndi 5, ndipo pa 5 pali Loweruka. Werengani ndi zala chobwerera m'mbuyo, mupeza kuti n'zoona. Koma mukalemba -9 % 7 mu C, Java kapena JavaScript, yankho ndi -2. Mndandanda m'zilankhulo zimenezi ulibe malo a -2. Java idzaima n'kudandaula, JavaScript idzapereka undefined, kutanthauza kuti pamalopo palibe kanthu, ndipo C idzangowerenga chilichonse chomwe chili m'malo osayenerawo osakuuzani kanthu.

Kodi wolakwa ndani? Palibe. Mukagawa -9 ndi 7 pa kalikyuleta mupeza -1.2857, nambala yomwe ili pakati pa -2 ndi -1. Pofuna nambala yathunthu muyenera kusankha mbali. C ndi Java zimangodula zonse za kuseri kwa kadontho, kutanthauza kuti zimasendera ku ziro, n'kupeza -1. Python imatsika mpaka pa nambala yathunthu ya m'munsi, n'kupeza -2. Yesani zonse ndi lamulo lathu lija:

C ndi Java: 7 × -1 + -2 = -9

Python: 7 × -2 + 5 = -9

Zonse zakwana. Ganizirani munthu amene waima pa Lolemba, akufuna kubwerera m'mbuyo masiku 9. C ikumuuza kuti, bwererani sabata imodzi, kenako mubwererenso masiku 2. Python ikumuuza kuti, bwererani masabata awiri, kenako muyende kutsogolo masiku 5. Onse afika pa Loweruka lomwelo, njira ndi yomwe yasiyana. Chosavuta kukumbukira ndi ichi: mu C, Java ndi JavaScript chotsala chimatengera nambala yogawidwa, ikakhala ya mainasi nachonso chimakhala cha mainasi kapena ziro. Mu Python chimatengera nambala yogawira, n'chifukwa chake mukagawa ndi 7 chotsala sichichoka pakati pa 0 ndi 6, pomwe 9 % -7 imapereka -5.

Pa zinthu zozungulira monga masiku a sabata, maola a wotchi ndi miyezi ya chaka, njira ya Python ndi yomwe mukufuna. M'zilankhulo zinazo mungaipeze polemba chonchi:

```
((a % n) + n) % n
```

Pa chitsanzo chathu, -2 kuphatikiza 7 ndi 5, ndipo 5 % 7 ndi 5 yomweyo. Kugawa kwachiwiriko kulipo kuti nambala zoposa ziro zisawonongeke: 4 kuphatikiza 7 ndi 11, ndipo % imaibwezera pa 4.

Msampha wina wa banja lomweli ndi kuyesa nambala yosagawika pawiri polemba n % 2 == 1. Mu C ndi Java, -3 % 2 ndi -1, choncho mayesowo amati -3 ndi yogawika pawiri. Lembani n % 2 != 0, ndipo mudzakhala pabwino m'chilankhulo chilichonse.

Mukasamukira ku C ndi Java

M'zilankhulo ziwirizi mulibe timizere tiwiri togawira. Mukalemba // ndiye kuti mwayamba ndemanga yomwe kompyuta siwerenga. Kamzere kamodzi ndi komwe kamagawa, ndipo kamayang'ana mtundu wa nambala: zonse zikakhala zathunthu, yankho ndi lathunthu. 200 / 30 ndi 6, 200 % 30 ndi 20. C ilinso ndi m'bale wake wa divmod mu stdlib.h:

```
div_t d = div(200, 30);
printf("%d %d\n", d.quot, d.rem);
```

Ngozi ya kuno ndi yosiyana ndi ya Python: mumagawa mwathunthu musakufuna. Wophunzira akasintha kutentha kuchoka ku Fahrenheit kupita ku Celsius n'kulemba 5 / 9 * (f - 32), yankho limatuluka 0 nthawi zonse, chifukwa 5 / 9 ndi magawo 0, kutsala 5. Lembani 5.0 / 9 kuti kugawako kukhale kwa kadontho.

Lamulo loti C izisendera ku ziro linakhazikika ndi C99, ndondomeko ya chilankhulo cha C ya mu 1999. Lisanafike, compiler iliyonse, pulogalamu yomasulira zomwe mwalemba kuti kompyuta izimve, inali ndi ufulu wosankha mbali pa nambala za mainasi, choncho pulogalamu yakale kwambiri muziiyang'ana kawiri. Kugawa ndi ziro mu C kulibe chotsatira chodalirika, pulogalamu ikhoza kugwa kapena kuchita china chilichonse. Java imaima ndi ArithmeticException. Ndipo kuyambira pa Java 8 ya mu 2014, muli Math.floorDiv ndi Math.floorMod zomwe zimagawa monga Python. Muzizitenga ziwirizi limodzi, osaphatikiza floorDiv ndi %.

Palinso kangodya kamodzi kobisika. Nambala yotsikitsitsa ya int, mtundu wa nambala zathunthu wosungidwa m'mabiti 32 (ma 0 ndi ma 1 okwana 32), ndi -2147483648. Mukaigawa ndi -1 yankho liyenera kukhala 2147483648, koma yokwera kwambiri yomwe int ingasunge ndi 2147483647. Java imabweza -2147483648 yomweyo mwakachetechete, C siilonjeza kanthu.

JavaScript ndi Excel: kumene zida zimasakanizika

JavaScript imagawa ndi kadontho nthawi zonse pa nambala zake wamba, choncho magawo athunthu mumadzidulira nokha. Ambiri amalemba Math.floor(a / b) pofuna magawo, ndi a % b pofuna chotsala. Pa nambala zoposa ziro zimayenda. Pa -9 ndi 7, Math.floor imapereka -2, ndipo % imaperekanso -2. Yesani: 7 × -2 + -2 ndi -16, osati -9. Mnzake weniweni wa % mu JavaScript ndi Math.trunc, yomwe imapereka -1. Dziwaninso kuti JavaScript siima mukagawa ndi ziro: 7 / 0 imapereka Infinity, 7 % 0 imapereka NaN, kutanthauza kuti si nambala, ndipo pulogalamu imapitirira nazo mpaka zikaonekere pa risiti ya kasitomala.

Excel, yomwe ambiri a ife timagwiritsa ntchito m'maofesi tsiku ndi tsiku, ili ndi msampha womwewu koma motembenuza. =QUOTIENT(200,30) imapereka 6 ndipo =MOD(200,30) imapereka 20. Mayina ake akuoneka ngati a mapasa. Koma QUOTIENT imasendera ku ziro monga C, pomwe MOD imatsata njira ya Python. =QUOTIENT(-9,7) ndi -1, =MOD(-9,7) ndi 5, ndipo 7 × -1 + 5 ndi -2. Ngati m'tebulo lanu mungalowe nambala za mainasi, monga ngongole kapena katundu wopereweza, phatikizani MOD ndi =INT(-9/7), yomwe imapereka -2. Kenako onjezerani kolamu ina yochulukitsa n'kuphatikiza, kuti muzionera ndi maso kuti zikubwerera pa nambala yoyamba.

Kadontho kasalowerere

Mu Python lembani 1 // 0.1. Mutu ukuti 10, koma sikirini ilemba 9.0. Kompyuta imasunga nambala ndi ma 0 ndi ma 1, ndipo 0.1 siikwana ndendende m'njira imeneyi. Yomwe imasungidwa ndi yokulirapo pang'ono zedi, choncho imalowa mu 1 kasanu ndi kanayi kokha, n'kutsala 0.09999999999999995. Pa chifukwa chimenechi ndalama muzizisunga ngati nambala zathunthu. Ngati matambala akufunika, sungani zonse m'matambala, K12.50 ikhale 1250, ndipo posonyeza munthu mugwiritse ntchito divmod ndi 100.

Pewaninso chizolowezi cholemba int(a / b) m'malo mwa a // b. Choyamba, int imasendera ku ziro, choncho siigwirizana ndi % ya Python pa nambala za mainasi. Chachiwiri, nambala ya kadontho imasunga nambala zathunthu mosaphonya mpaka pa 9007199254740992 basi. Mukalemba int(9007199254740993 / 1) mupeza 9007199254740992, imodzi yasowa, pomwe // imabweza nambala yonse bwinobwino.

Iyeseni pulogalamu ndi lamulo lija

Mukalemba njira yanuyanu yogawira, kapena mukasamutsa pulogalamu kuchoka ku chilankhulo china, musayese ndi nambala ziwiri zokha zomwe mukuzikonda. Ipatseni kompyuta ntchito yoyesa zambiri, za mainasi zomwe:

```
for a in range(-50, 51):
    for b in range(-10, 11):
        if b == 0:
            continue
        q, r = divmod(a, b)
        assert b * q + r == a
        assert abs(r) < abs(b)
print("Zonse zakwana")
```

Pamalo pa divmod ikanipo njira yanuyo. Ikalakwa penapake, assert idzaimitsa pulogalamu, ndipo mukasindikiza a ndi b mudzaona nambala zomwe zavuta. Nthawi zambiri zimakhala za mainasi, kapena pamene yogawidwa ikuchepera yogawira, monga 3 kugawa ndi 10, pomwe yankho lolondola ndi magawo 0, kutsala 3.

Tsiku logawana ku banki m'khonde

Tsopano tiike zonsezi pamodzi. Gulu la anthu 7 likugawana mofanana phindu la K100,000. Mukagawa ndi kadontho mupeza 14285.714, ndipo mukaikweza kukhala K14,286 aliyense, pafunika K100,002, ndalama zomwe m'bokosi mulibe. Ndi divmod aliyense alandira K14,285, kutsala K5. Koma msungichuma sangawerengere munthu K14,285 m'manja popanda kusakasaka makobili. Ndi bwino kugawa m'milu ya K50:

```
phindu = 100000
anthu = 7
mulu = 50
milu, zotsala = divmod(phindu, anthu * mulu)
aliyense = milu * mulu
print("Aliyense:", aliyense)
print("Zotsala m'bokosi:", zotsala)
assert aliyense * anthu + zotsala == phindu
```

Kuzungulira kamodzi, kupatsa aliyense K50, kumadya K350. Mu K100,000 muli maulendo 285 otere, choncho aliyense alandira K14,250, ndipo K250 itsala. Pulogalamu isasankhe yokha kopita K250 imeneyi. Iisonyeze pasikirini m'zilembo zofanana ndi za gawo la aliyense, kuti msungichuma aime n'kunena pamaso pa onse kuti, "Amayi ndi abambo, aliyense K14,250, m'bokosi mwatsala K250." Kaya aisunga kuti iyambire chaka chamawa, kaya agulira kope latsopano lolembamo masheya, gulu likambirana pomwepo, mlembi n'kulemba m'buku.